Mkamwini Kutsidya kwa Ukonde

"Amake Rute, ndifunseko mukwai. Kodi n'zoona zimene anthu amanena, kuti chikho cha tenesi chija bambo anu ankachita kupatsidwa ndi amuna anu?"

Anandifunsa choncho ndi bana Chanda, amayi a Chibemba a nyumba yoyang'anana ndi yathu kuno kukomboni ya mgodi ku Kitwe. Tinali pampopi, ine ndikutsukuluza matewera, ndipo panali patangotha chaka chimodzi chiwaikire bambo m'manda. Sindinawayankhe bwino. Yankho lake ndi inde, komanso ndi ayi, ndipo pampopi, zidebe za anthu zili pamzere, si pomalizira nkhani yotere. Ndinangowauza kuti madzi awo akusefukira. Koma funsolo landikhala pamtima, ndiye ndati ndilembe zimene ndinaona ndi maso anga, kuti mawa ana asadzamve za agogo awo kwa anthu a pampopi.

Bambo anga anali Simiyoni Kalinde. Anachokera ku Nyasalande, cha ku Ntcheu, ndipo sukulu anaphunzira kumishoni. Kumeneko n'kumene anagwira laketi koyamba. Anabwera kuno kudzakhala kalaliki kumgodi wa Bwana Mkubwa, ndipo mgodi umenewo utatsekedwa tinasamukira ku Kitwe ine ndili wamng'ono. Anali munthu wamfupi, wa matewe, wa dazi lowala. Mukanakumana nawo panjira atanyamula Baibulo m'khwapa simukanaganiza kuti awa ndi amene anyamata a ku Kitwe ndi ku Ndola ankalota atawagonjetsa.

Azungu anali ndi mabwalo awo a tenesi otchinga ndi waya, ndipo munthu wakuda ankalowamo kukasesa basi. Bambo sanataye nthawi kudandaula. Kuseri kwa holo ya m'komboni kunali chulu chachikulu ngati nyumba. Anapempha malowo, nayamba kugumula chulucho ndi anzawo atatu. Dothi lake ankalisefa pa waya, kuliyala, kulithirira, kenako kulipsinja ndi mgolo wodzaza simenti wokhala ndi mpaipi pakati. Mizere ankajambula okha ndi njereza, atagwada, chingwe chili chokoka. Munthu akawathandiza kujambula, iwo ankadikira kuti achoke, n'kufufuta, n'kuyambiranso. Ankakonda kunena kuti chiswe chinagwira kale ntchito yovuta, ife tikungomalizitsa, ndiye tisachite manyazi pamaso pa chiswe.

Mipira inali yotha ubweya, yochokera kwa akhukhi a m'mayadi. Nthawi ya nkhondo inasowa kwambiri, moti mpira ukagwera m'tchire masewera ankaima mpaka upezeke. Zingwe za laketi zikaduka ankalumikiza okha, msomali uli pakamwa. Amayi ankati m'nyumba mwathu muli akazi awiri, ndipo wamkulu ndi uja wopachikidwa pakhoma.

Kukangana ankakudziwa. Mkangano wawo waukulu unali wa Sabata. Iwo anali mkulu wa mpingo, ndipo Loweruka dzuwa likapendeka ankamasula ukonde, kuupinda, n'kukauika pansi pa bedi lawo. Anyamata a Chikatolika, amene kwa iwo Misa ikatha tsiku limakhala lawo, ankabwera kudzapempha. Bambo ankawalandira bwino, kuwapatsa mpando, kuwawerengera lamulo lachinayi, n'kuwaperekeza. Anyamatawo anayamba kumangirira chingwe choyanikira zovala pamitengo ya ukonde n'kumasewera choncho. Bambo pochokera kutchalitchi ankadutsa njira ina yozungulira kuti asaone. Koma Lolemba m'mawa ankapita kukawerenga mapazi padothi, ndipo ankadziwa aliyense amene anasewera, ngakhale amene anapambana.

Mmodzi wa anyamata a chingwe choyanikira zovalawo sankasewera, ankangoonerera. Ameneyo ndiye Petulo Tembo, wa ku Katete, amene lero ndi bambo a ana anga. Ankagwira ntchito pansi pamgodi, kumakina oboola miyala, ndipo mapewa ake ankadzaza khomo. Atatumiza ankhoswe, bambo anakana miyezi itatu chifukwa cha mpingo. Atavomera anaika mawu awoawo.

"Kwathu mkamwini amalima munda wa apongozi," anawauza ankhoswewo. "Kwanu ku Katete n'chimodzimodzi, musandinamize. Kuno kutauni munda ndilibe. Munda wanga ndi uwo uli kuseri kwa holowo."

Ankhoswe anaseka poganiza kuti ndi nthabwala. Sinali nthabwala. Chilimwe chonse Petulo akaweruka ankatuta dothi la pachulu ndi wilibala, kutunga madzi, ndi kukoka mgolo uja, umene kale ankakoka anthu awiri. Tsiku lina panasowa munthu wachinayi, bambo anamupatsa laketi yakale n'kumuuza pamene aime. Mpira woyamba umene anamenya unakagwera padenga la holo. Bambo anati mphamvu zilipo, chatsala n'kuziuza kumene zikupita.

Anamuphunzitsa zaka zitatu. Ndipo m'zaka zonsezo Petulo sanawayang'anepo kumaso. Akamayankhula naye ankanjuta, maso pansi. Akakumana panjira ankapatuka. Kudya mbale imodzi ndiye ayi. Anakula choncho kwawo, ndipo tauni sinamusinthe. Pabwalo ankayang'ana mpira ndi mapazi a bambo basi.

Chaka chilichonse mvula ikatha, nyengo yozizira, kunkachitika mpikisano. A ku Ndola ankabwera pa lole, atavala zoyera, akuimba. Mphoto yake inali kachikho kakang'ono, kopepuka, koti simungathiremo ngakhale tiyi wa anthu awiri. Bambo anakasunga zaka zambiri. Anyamata atsopano ankabwera ndi makabudula, akumenya mpira ngati akuwaza nkhuni, akuthamangira ku ukonde monga anaonera kwa azungu. Bambo ankavala buluku lalitali, ndipo mpira wawo unkayenda ngati munthu wopita kumaliro. Koma unkagwera pamene munthu palibe. Ankati mpira wamphamvu umabwerera ndi mphamvu zake zomwezo, ndiye iwo amangobwereka kwa anyamata n'kuwabwezera. Mnyamata ankatuluka m'bwalo lilime lili panja, bambo malaya ali ouma.

Koma zaka sizipatuka panjira ngati mkamwini. Bondo lawo lamanzere linayamba kutupa, ndipo nthawi yomweyo Petulo anafika poti palibe wa ku Kitwe kapena ku Ndola amene ankalimba naye. Zaka ziwiri zotsatizana masewera omaliza anali a bambo ndi Petulo. Zaka ziwiri zonsezo anapambana bambo.

Apa ndiye pali inde uja. Ine ndinadziwa ndisanauzidwe ndi munthu, chifukwa ndine ndinkachapa. Dothi la chulu ndi lofiira, ndipo Petulo akasewera ndi anzake kabudula ndi malaya zinkabwera ngati wagona m'ngalande. Koma tsiku losewera ndi bambo ndinkangotsukuluza n'kuyanika. Ankasewera mokongola mpaka pamene pafunika, kenako mpira wosavuta unkalowa mu ukonde, iye n'kupukusa mutu ngati zamupweteka. Pobwera kunyumba ankaimba mluzu. Ndinamufunsa kamodzi. Anandiyang'ana ngati ndamufunsa chifukwa chake savula pamsika.

"Ndiwagwetse apongozi anthu akuona? Amake Rute, ine ndinaleredwa."

Bambo mwina ankakayika, koma munthu safulumira kufufuza chinthu chimene chikumukomera. Anawatsegula maso ndi aMwale, kalaliki wa kunjanji ku Ndola, munthu wa pakamwa posatseka. Chaka chachiwiricho, a ku Ndola akukwera lole yawo, aMwale anatulutsa mutu anthu onse akumva.

"AKalinde, mwayi ndi wanu. Anzanu akamwini amawalimira chimanga, inu akukulimirani chikho."

Anthu anaseka. Bambo nawonso anamwetulira, n'kukweza chipewa. Koma atafika kunyumba anachotsa chikhocho pashelefu n'kuchikankhira pansi pa bedi. Mawa lake atachoka kutchalitchi anabwera kwathu, Petulo kulibe, nakhala pakhonde osavula jekete.

"Esitere, iwe ndiwe umachapa zovala zake. Tandiuza."

Ndinayang'ana mwana amene anali pamiyendo panga. Ndinamukonza chipewa chimene chinali chokhala bwino kale.

"Chabwino," anatero bambo. "Ndamva."

Chaka chimenecho anayesa njira zonse. Anapha tambala, namuitana Petulo kuti adye naye mbale imodzi, kuti zamanyazi zithe monga amachitira akuluakulu. Petulo anadya kawiri atatembenukira kukhoma, nathokoza. Anamuuza maso ndi maso kuti asiye zimene akuchitazo. Petulo anati, "Inde, bambo." Anamufunsa ngati akuvomera kuti amawalekera. Anati, "Ayi, bambo." Anamufunsa ngati tsono iwo akunama. Anati, "Ayi, bambo." Amayi anachita kutuluka m'nyumba kukasekera kuseri.

Kwa bambo sizinali zoseketsa. Anayamba kukayikira ngakhale zaka zakale zimene anapambana ndi thukuta lawo. Anandiuza kuti mwina anyamata onse aja ankangowachitira ulemu chifukwa cha dazi. Munthu amene ankalowa m'bwalo ngati mwini wake anayamba kulowa ngati wobwereka.

Mpikisano wachitatu unafika. Linali Loweruka, kumphepo, kumwamba kopanda mtambo. Anthu anadzaza mpaka pamwamba pa chigumu cha chulu chija. Ine ndinali kumbali ya amayi, Rute ali kumbuyo. Monga mwa kale, otsala anali awiri omwewo. Bambo anamanga bondo ndi nsalu yoyera.

Poyamba zinayenda bwino. Petulo anatsogola magemu atatu kwa imodzi. Kenako ndinaona mapewa ake akugwa, ndipo ndinadziwa kuti yayambika. Mpira wofewa unabwera, iye anauika mu ukonde. Wina anautaya kunja. Gemu inapita kwa bambo.

Inali nthawi ya bambo yoyambitsa mpira. Anaudunda pansi kawiri monga ankachitira, anauponya m'mwamba, n'kuumenyera kuchulu, pakati pa anthu. Wachiwiri anaumenyera komweko.

"Lavu fifitini," anawerenga okha mokweza, kutanthauza kuti Petulo watsogola.

Anachita choncho mpaka gemu yonse inatha, anthu akuthawa mipira. Petulo anaima ngati wamenyedwa ndi mphezi. Itafika nthawi yake, anamenya iwiri mu ukonde. Wotsatira unalowa mwangozi, ndipo bambo anaupatukira ngati akupatsa njira njinga. Apo bwalo lonse linagwa ndi phwete. Amuna awiri, odziwa tenesi kuposa onse m'matauni awiri, aliyense akulimbikira kugonja.

"Kodi chikho chalowa njoka chaka chino?" anafuula aMwale. "Ngati simuchifuna tipatseni tipite nacho ku Ndola."

Bambo anayenda mpaka pa ukonde.

"ATembo, tabwerani."

Petulo anabwera, nanjuta.

"Imirirani. Pano si pakhomo panga."

Anaimirira, maso ali pansapato.

"Mukandipatsa umodzi, ine ndikubwezerani iwiri. Dzuwa likalowa ndimasula ukondewu, mawa ndi Sabata, Lolemba tidzapitiriza. Ine nthawi ndili nayo. Mwandibera zaka ziwiri, aTembo. Kwanu ku Katete munthu wobera apongozi amamutcha chiyani?"

"Bambo, ine ndimati ulemu."

"Ulemu wake ndi umenewu, wondisandutsa choseketsa cha aMwale?"

Petulo anafunsa motsitsa, koma ife a pafupi tinamva.

"Nanga ndikakugonjetsani, anthu adzati chiyani?"

"Adzati Kalinde anaphunzitsa bwino. Koma musafulumire. Muyambe mwandigonjetsa kaye."

Anagwirizana zoyambiranso pachiyambi. Mpira woyamba wa Petulo sindinauone, ndinangoona fumbi lofiira likudzuka pakona ndi kumva waya wa kumbuyo ukulira. Bambo sanasunthe n'komwe. Anayang'ana pamene unagwera, anagwedeza mutu, n'kupita mbali inayo akumwetulira ngati munthu amene walandira kalata ya kumudzi. Seti yoyamba inatha msanga, sikisi thuu, ya Petulo. Mayi wina pafupi nane anati, "Mayo, awapha akuluwa." Amayi anga anayamba kupinda ndi kupindula nsonga ya chitenje.

Seti yachiwiri bambo anasiya kulimbana ndi mphamvu. Petulo akathamangira ku ukonde, ankamuponyera mpira m'mwamba, kumene kunali dzuwa. Akabwerera kumbuyo, ankamugwetsera kampira kofewa pafupi ndi ukonde, makamaka kumbali ya kuchulu kumene dothi silinkalimba ndipo mpira sunkadzuka. Petulo ankapadziwa pamenepo, anali atapapsinja yekha kambirimbiri, koma kudziwa ndi kufikapo n'zosiyana. Kutsogolo, kumbuyo, kutsogolo. Anayamba kutsetsereka, kugwa, kudzuka. Bambo nawo malaya ananyowa, koyamba m'moyo wanga kuona zimenezo. Anatenga setiyo seveni faifi. Palibe amene ankasekanso.

Seti yomaliza anafika pa folo folo. Mpikisano wathu unalibe woweruza. Aliyense ankanena za mbali yake, ndipo dothi la chulu limasunga chidindo cha mpira. Petulo anamenya wina wamphamvu m'mphepete mwa mzere, bambo anakweza chala.

"Watuluka."

Sindidzaiwala chimene chinachitika. Mwamuna wanga, uja wopatuka panjira, anazungulira mtengo wa ukonde, nalowa mbali ya apongozi ake, naloza pansi ndi laketi.

"Watuluka pati? Chidindo ndi ichi, chadya njereza. Onani bwino, maso anuwo akalamba."

Anali akuwayang'ana kumaso.

Amayi anagwira pakamwa. Petulo mwini anazindikira zimene wanena, ndipo ndinaona miyendo yake ikufuna kupinda kuti anjute. Bambo anawerama movutikira ndi bondo lija, anayang'anitsitsa dothi, kenako anayamba kuseka. Anaseka mpaka anagwira phewa la Petulo kuti asagwe.

"Walowadi," anatero. "Ndi wanu. Bwererani kwanu, aTembo, ndisanakuthamangitseni."

Mpira umenewo unamupatsa Petulo gemu, faifi folo. Inatsala imodzi yokha. Ine pamenepo sindinkadziwa amene ndikumupempherera. Rute anali kulira kumbuyo ndipo sindinamumve, anachita kundigwedeza mayi wina.

Bambo anatenga magemu atatu otsatizana. Mmene anachitira sindingathe kulongosola monga angachitire amuna odziwa. Ndinangoona kuti sankathamanganso, bondo linali litakana, koma mpira ukamabwera unkawapeza ataima kale pamalopo. Mpira womaliza Petulo anathamangira ku ukonde ndi mphamvu zake zonse, bambo anaukweza m'mwamba, iye anabwerera chafutambuyo, nalumpha, naumenya akugwa. Unadutsa ukonde, unapitirira mzere wa kumbuyo ndi chikhatho chimodzi. Bambo sanakweze chala. Petulo yemwe, ali chigonere m'fumbi, ndiye anati, "Watuluka."

Anthu anatsika pachulu ngati madzi. Bambo sanathe kuyenda, anakakhala pa mgolo wa simenti uja, ndipo anyamata a ku Ndola omwe ndiwo anawanyamula pamapewa kuzungulira nawo holo. Amayi anaimba nthungululu, chinthu chimene mkazi wa mkulu wa mpingo sankachita pagulu. AMwale anabwera chipewa chili m'manja.

"AKalinde, chaka chino mwalima nokha."

"Chaka chino mvula inali yovuta," anayankha bambo.

Petulo sanatsanzike munthu. Ndinamupeza kunyumba atakhala kuseri, mawondo ali magazi, zovala zofiira kuyambira kukhosi. Kabudula ameneyo ndinamuchapa katatu, sanayerenso, ndinamusandutsa chopukutira. Mluzu panalibe. Masiku atatu ankangoti akakhalakhala n'kunena yekha, "Ndikanausiya udunde kaye." Nditamuuza kuti apite akapepese za maso okalamba zija, anapitadi, koma ndinakawapeza awiriwo atakhala pamkeka umodzi, mbale ili pakati, akukangana za mpira womwewo, aliyense akujambula pansi ndi chala.

Chikho chinabwerera pashelefu. Chaka chotsatira Petulo anawagonjetsa, seti ziwiri zolunjika, ndipo bambo anachinyamula okha kudutsa m'komboni monse kudzachisiya kwathu, akuuza aliyense wokumana naye kuti taonani chimene mkamwini wanga wandilanda. Sanapikisanenso. Ankakhala pambali ndi ndodo, kumanyoza anyamata kuti akuthamanga ngati nkhuku zodulidwa mitu.

Anadwala chibayo nyengo yozizira ya chaka chatha, sabata imodzi yokha. Ankafuna kukapumira ku Ntcheu akadzasiya ntchito, koma tinawaika konkuno.

Bwalo lilipo. Anyamata achuluka kuposa kale, ena sindiwadziwa n'komwe maina. Koma dothi layamba kung'aluka chifukwa amathirira dzuwa lili pamutu, ndipo mizere ikupita mokhota ngati njira ya kumadzi. Pamene bambo ankakhala, pansi pa mpanda cha kumadzulo, pamera udzu, ndipo anthu amaimikapo njinga. Petulo wapambananso chaka chino. Anabwera kunyumba msanga, anaika chikho pawindo, nafunsa ngati madzi osamba atentha.

Amayi anataya mwamuna wawo. Ine ndinataya bambo. Rute ndi mlongo wake anataya agogo, ndipo wamng'onoyu sadzawakumbuka nkhope. Mpingo unataya mkulu mmodzi. Petulo anataya munthu mmodzi yekhayo amene anamugonjetsa iye atasewera ndi mphamvu zake zonse.